Mafunso ndi mayankho okhudza boma la Dowa: chiyambi chake ndi kayendetsedwe ka khonsolo

Anthu ambiri amene amadutsa m'boma la Dowa sadziwa n'komwe kuti alowa m'boma lina. Amatuluka mumzinda wa Lilongwe pamsewu wa M1, n'kudutsa Lumbadzi, ndipo pofika pa Mponela amangoona ngati akadali kumphepete kwa likulu. Tsamba lino likuyankha mafunso amene amabwera kawirikawiri pa za mbiri ya bomali, za mafumu ake, ndi za khonsolo imene imayendetsa ntchito zake.

Kodi boma la Dowa lili pati, ndipo ndi lalikulu bwanji?

Dowa ndi limodzi mwa maboma 28 a dziko la Malawi ndipo lili m'chigawo chapakati. Kummwera limachita malire ndi Lilongwe, kummawa ndi Salima, ndipo chakumpoto kuli Ntchisi ndi Kasungu. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 3,041, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu oposa 770,000. Kuchoka mumzinda wa Lilongwe kukafika pa boma penipeni ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 50.

Dziko lake lili pawiri. Kummawa, kumene kuli Mvera, Chezi, Kongwe ndi boma lenilenilo, n'kwa mapiri ndi zigwa zotsetserekera kunyanja, pamene kumadzulo, kumene kuli Mponela ndi Madisi, ndi chidikha chachonde cha fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Kusiyana kumeneku kumamveka m'nkhani zambiri za khonsolo, chifukwa mtengo wokonzera msewu wa m'mapiri sungafanane ndi wa msewu wa pachidikha.

Nanga mawu akuti "boma" akutanthauza chiyani kwenikweni?

Mawuwa amanyamula zinthu zitatu, ndipo mlendo amene akuphunzira Chichewa amasokonezeka nawo. Tikati "boma lalamula" tikunena ulamuliro wa dziko lonse. Tikati "boma la Dowa" tikunena dera lonse ndi malire ake. Koma mayi wa kwa Kayembe akanena kuti "mawa ndilawirira ku boma", akunena kamtauni kamene kali ndi ofesi ya bwanamkubwa, polisi, khoti ndi chipatala chachikulu.

Pali nkhani yofala yakuti mawuwa ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain, koma zimenezo n'zongopeka pambuyo pake. Liwuli linafika kuno kudzera m'Chiswahili, m'mene limatanthauza linga kapena mpanda wotchinga, ndipo linagwera pa maofesi a atsamunda chifukwa malo awo oyamba ankakhala otchingidwa motero.

Kodi eni nthaka a ku Dowa ndi Achewa kapena Angoni?

Achewa ndiwo anayamba kukhala m'derali, zaka mazana angapo Angoni asanafike, ndipo mpaka lero ndiwo ochuluka. Ufumu wawo umatsata kuchikazi, moti mfumu ikamwalira mbumba imayang'ana kwa ana a mlongo wake, ndipo gule wamkulu akadali ndi mizu yozama m'midzi yambiri ya bomali.

Angoni anafika m'zaka za m'ma 1800. Gulu la Zwangendaba linawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835, ndipo iye atamwalira linagawikana m'magulu angapo. Mmodzi wa atsogoleri a nkhondo amene anapatuka anali Chiwere Ndhlovu, yemwe anabwera ndi anthu ake kudzakhazikika m'mapiri a kummawa kwa Dowa, nagonjetsa midzi yambiri ya Achewa yozungulira. Ufumu wa Chiwere ndi wa Msakambewa ndi wochokera m'mbiri imeneyi. Chochititsa chidwi n'chakuti ogonjetsawo anamezedwa ndi chilankhulo cha ogonjetsedwa: Angoni a ku Dowa anakwatira akazi a Chichewa, ana awo anakula akulankhula chilankhulo cha amayi awo, ndipo lero Chingoni chimangomveka m'mayina a mafuko ndi m'nyimbo za ngoma.

Mafumu aakulu odziwika m'bomali ndi Chiwere, Msakambewa, Mkukula, Dzoole, Kayembe, Chakhaza ndi Mponela, ndipo pansi pawo pali magulupu ndi nyakwawa zambirimbiri.

Amishoni anali ndi gawo lanji pa chiyambi cha bomali?

Gawo lawo linali lalikulu, chifukwa iwo anafika ulamuliro wa Britain usanakhazikike m'derali. Pa 28 November 1889, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa anamanga msasa pa Mvera, m'dziko la Chiwere, mfumuyo itawalola. Apa ndi pamene panayambira ntchito imene inadzabala Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP. Mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ina pa Kongwe, kwa Msakambewa, ndipo sukulu ya sekondale ya anyamata imene ili kumeneko imatchedwa ndi dzina lake. Nkhoma, imene ili m'boma la Lilongwe, inatsegulidwa mu 1896, ndipo patapita nthawi likulu la mishoni linasamukira kumeneko kuchoka ku Mvera.

Tanthauzo la zimenezi pa nkhani ya ulamuliro n'lakuti sukulu zoyamba, zipatala zoyamba ndiponso anthu oyamba odziwa kulemba ndi kuwerenga, amene anadzakhala makalaliki a mafumu ndi a boma, anachokera m'manja mwa mipingo. Chizindikiro chake chikuonekabe: pambali pa chipatala cha boma cha Dowa, anthu ambiri amathamangira ku zipatala za mishoni za Katolika za Madisi ndi Mtengowanthenga, ndipo khonsolo singakonze ndondomeko ya zaumoyo kapena ya maphunziro popanda kukhala pansi ndi mipingo.

Nanga ulamuliro wa atsamunda unakhazikika bwanji?

Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake mu 1891, ndipo mu 1907 linatchedwa Nyasaland. Poyamba dera lonse la pakati pano linkatchedwa Central Angoniland, dzina losonyeza kuti azungu ankaona Angoni ngati ndiwo olamula. Dowa inasanduka malo a ofesi ya mzungu wotolera msonkho ndi kuweruza milandu, ndipo kwa nthawi yaitali boma la Dowa linkatsika mpaka kunyanja, kuphatikizapo Domira Bay ndi dera limene lero ndi boma la Salima.

Malamulo atatu ndiwo anaumba ulamuliro wa m'maboma. La 1912 linakhazikitsa mafumu osankhidwa ndi boma kuti azithandiza kutolera msonkho wa nyumba ndi kusunga bata. La 1933 linawonjezera mphamvu zawo powapatsa makhoti ndi ufulu wopanga malamulo a m'dera lawo, ngakhale kuti chilichonse chinkadutsa m'manja mwa bwanamkubwa (DC) wachizungu. La 1953 ndilo linabweretsa makhonsolo a m'maboma. Pa nthawi yomweyo fodya anali atasintha chuma cha derali: kuyambira m'ma 1920 alimi a ku Lilongwe ndi ku Dowa anayamba kulima kwambiri fodya woumitsa ndi utsi, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board loti liziyang'anira alimi achikuda ndi misika yawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964 makhonsolo sanathetsedwe, koma mu ulamuliro wa chipani chimodzi anafooka pang'onopang'ono, ntchito zawo zambiri zinatengedwa ndi maunduna, ndipo mawu a wapampando wa chipani m'boma ankalemera kuposa a khansala aliyense.

Kusamuka kwa likulu kuchoka ku Zomba kunasintha chiyani ku Dowa?

Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo kuyambira pamenepo Dowa inakhala boma la pakhomo pa likulu. Bwalo la ndege la Kamuzu linamangidwa ku Lumbadzi, kumalire a maboma awiriwa, ndipo misewu iwiri ikuluikulu yotuluka mu likulu imadutsa m'dziko la Dowa: M1 yopita ku Kasungu ndi kumpoto, ndi M14 yotsikira ku Salima kudzera pa Chezi ndi Mvera.

Ubwino wake suvuta kuuona. Mlimi wa tomato, kabichi kapena mbatata ali ndi msika waukulu pafupi, ndipo amene waima pa Chezi madzulo amaona madengu a ndiwo zamasamba ndi zipatso atandandalikidwa m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto obwerera ku tauni. Koma kuyandikana ndi likulu kuli ndi mtengo wake. Makala ndi nkhuni zambiri zophikira mumzinda zimakwera njinga kuchokera m'maboma oyandikana nawo, ndipo mapiri a Dowa ameteka. Malo a kufupi ndi Lumbadzi ndi m'mbali mwa M1 akugulidwa ndi anthu a m'tauni, ndipo milandu ya malo yachuluka. Palinso vuto lina limene silikambidwa mokwanira: wogwira ntchito m'boma amene watumizidwa ku Dowa angathe kusiya banja lake mu Lilongwe n'kumayendera, kotero kuti malipiro ake amathera mumzinda osati m'boma limene akutumikira.

Khonsolo imene ilipo lero inachokera kuti, ndipo mumakhala ndani?

Maziko ake ali m'malamulo aakulu a dziko a 1994, amene amati pakhale maboma ang'ono oimira anthu a m'madera awo. Mu 1998 boma linavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu, ndipo nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la maboma ang'ono. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamuloli chinachitika mu November 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china chinangokhala chikuimitsidwa, ndipo dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 May 2014. Zaka zimenezo zinasiya chilema, chifukwa anthu anazolowera kupita kwa phungu ndi nkhani iliyonse, kuyambira mjigo wowonongeka mpaka bokosi la maliro, ndipo chizolowezicho sichinathe.

Mu khonsolo mumakhala makhansala osankhidwa ndi anthu, mmodzi pa wodi iliyonse, aphungu a nyumba ya malamulo a m'bomalo, mafumu aakulu, ndi anthu 5 oimira magulu apadera monga amayi, achinyamata ndi anthu olumala. Mafumu ndi oimira maguluwa amalankhula pa zokambirana koma saponya voti. Aphungu anapatsidwa mphamvu yovota pamene lamuloli linasinthidwa mu 2010, ndipo mphamvu imeneyi ndiyo yakhala gwero la mkangano umene tikambe pansipa. Ntchito yambiri imachitikira m'makomiti a zachuma, zachitukuko, zamaphunziro, zaumoyo, zaulimi ndi zomangamanga, amene amabweretsa mfundo zawo ku msonkhano wa khonsolo yonse.

Dowa inali ndi madera 7 a aphungu kwa zaka zambiri. Bungwe loyendetsa zisankho litadulanso malire chisanafike chisankho cha pa 16 September 2025, madera a aphungu m'dziko lonse anachoka pa 193 kufika pa 229, ndipo mawodi anachoka pa 462 kufika pa 509.

Wamkulu ndani pakati pa DC ndi wapampando wa khonsolo?

Pa pepala yankho n'losavuta. Wapampando ndi khansala amene anzake amusankha kuti atsogolere khonsolo kwa chaka chimodzi, ndipo iye ndiye mutu wa mbali ya ndale, imene imapanga mfundo, kuvomereza bajeti ndi kukhazikitsa malamulo a m'boma. Bwanamkubwa, amene aliyense amangomutchula kuti DC, ndi wantchito wa boma, mkulu wa ofesi ya khonsolo ndiponso woyankha pa ndalama zonse. Iye ayenera kukwaniritsa zimene khonsolo yagwirizana.

Zochitika zenizeni zimapendekera kwina. DC amasankhidwa ndi nduna ya maboma ang'ono, osati ndi makhansala, ndipo amene angamusamutse ali ku Capital Hill. Iye ali ndi akuluakulu a nthambi, magalimoto ndi mafayilo, pamene wapampando amakhala pampando miyezi 12 yokha, nthawi imene imatha asanazolowere n'komwe kuwerenga malipoti a zachuma. Si zachilendo tsono kuti munthu wa kumudzi adziwe dzina la DC koma osadziwa la wapampando amene ndiye woimira mavoti ake. Kunena zoona, mphamvu ku anthu singakwanire pamene woyang'aniridwa ali ndi mphamvu kuposa omuyang'anira.

Mafumu ali ndi mphamvu yanji, makamaka pa nkhani ya malo?

Mafumu amayendera lamulo la mafumu la 1967, limene limapatsa mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza, kukweza kapena kuchotsa mafumu aakulu. Banja lachifumu ndilo limasankha munthu, koma boma ndilo limamuveka ndi kumupatsa mswahala. Ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi kuweruza milandu ya m'mudzi, kusunga mwambo, kuchitira umboni anthu awo ndi kumema anthu pa ntchito za chitukuko.

Pa malo, lamulo la malo a makolo la 2016, limene linakonzedwanso mu 2022, linasintha zinthu. Linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense, otsogoleredwa ndi gulupuyo koma okhala ndi mamembala osankhidwa ndi anthu, kuphatikizapo amayi, ndipo linatsegula njira yoti banja lilembetse malo ake n'kulandira chikalata. Cholinga n'chakuti mfumu isagawe malo payokha. Amene akufuna malo kwa Mkukula kapena kwina kufupi ndi mzinda achenjere ndi kapepala kolembedwa pamanja kokhala ndi chidindo cha nyakwawa chokha, chifukwa munda umodzi ungathe kugulitsidwa ndi malume pamene ana a mlongo wake, amene mwa mwambo wa Chichewa ndiwo eni ake, sakudziwa kanthu. Asanapereke ndalama ayenera kufunsa ku ofesi ya malo ya khonsolo, ndiponso kutsimikiza ngati malowo ali mbali ya Dowa kapena ya mzinda wa Lilongwe, popeza malamulo omangira nyumba ndi misonkho yake n'zosiyana.

Mudzi ukafuna mjigo, mlatho kapena chipinda chophunziriramo, pempho limayenda bwanji?

Limayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, imene anthu amaitchula kuti VDC, ndipo imakhala pa gulupu. Anthu amasonkhana, kawirikawiri pansi pa mtengo kapena pa sukulu, n'kutchula mavuto awo ndi kugwirizana loyamba kuthana nalo. Mlembi amalemba m'kope, ndipo zofunazo zimapita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, kumene zimapikisana ndi zofuna za midzi ina. Alangizi a zaumoyo, a zaulimi ndi a chitukuko amene amagwira ntchito m'deralo amathandiza kuunika ngati ntchitoyo ingatheke. Kuchoka apo nkhani imafika ku komiti ya akatswiri ya pa boma, yotchedwa DEC, imene DC amaitsogolera ndipo mumakhala akuluakulu a nthambi ndi a mabungwe omwe si aboma. Zimene zavomerezedwa zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo khonsolo yonse ndiyo imaidinda.

Njirayi ndi yaitali, ndipo apa ndi pamene anthu amagwa mphwayi. Mudzi ungathe kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kuunjika miyala monga gawo lake, kenaka mvula ziwiri n'kudutsa simenti isanabwere, uvuni wa njerwa utamera udzu. Komabe pempho limene linalembedwa ndi kulowa mu pulani lili ndi poyambira kulilondola, pamene lonjezo la pamsonkhano wa ndale lilibe fayilo iliyonse.

Ndalama za khonsolo zimachokera kuti?

Gawo laling'ono khonsolo imatolera yokha: matikiti a m'misika, ziphaso za malonda, ndalama za pa madepoti ndi zolipira pa malo ndi mapulani a nyumba. Munthu wonyamula kabuku ka matikiti amene amazungulira m'mamawa pa msika wa Mponela, Madisi kapena Nambuma akutolera ndalama zimenezi, ndipo ogulitsa akamanyinyirika kuti amalipira tsiku lililonse koma chimbudzi cha pamsika n'chodzadza, akufunsa funso loyenera.

Gawo lalikulu limachokera ku boma lalikulu kudzera ku komiti yoona za chuma cha maboma ang'ono, ya National Local Government Finance Committee, ndipo zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake, monga zaumoyo, maphunziro ndi ulimi. Ndondomeko ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimene amalandira n'zochepa ndiponso zimafika mochedwa.

Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, limene linayamba mu 2006. Ndalamazi zimadutsa mu akaunti ya khonsolo ndipo DC ndiye amayankhapo, koma kwa zaka zambiri phungu ndiye anali ndi mawu aakulu pa ntchito zosankhidwa. Mu May 2025, pa mlandu umene linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumbali kapena kuvota m'makhonsolo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondola mmene boma likugwiritsira ntchito ndalama, ndipo munthu sangadzilondole yekha. Aphungu ambiri sanakondwe nacho chigamulocho.

N'chifukwa chiyani Mponela ndi yaikulu kuposa boma lenilenilo?

Chifukwa cha msewu. Mponela ili pa M1, pakati pa dziko la fodya, pamene boma linamangidwa m'mapiri, kumbali kwa misewu yonse iwiri ikuluikulu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 24,000 pa Mponela ndi ongopitirira 7,000 pa Dowa. Mabanki, malo ogona alendo ndi misonkhano ya mabungwe ochokera ku Lilongwe zimapezeka kwambiri pa Mponela, koma wofuna siginecha ya DC ayenera kukwerabe mtunda wa ku boma.

Kodi msasa wa Dzaleka uli m'manja mwa khonsolo ya Dowa?

Ayi. Ngakhale uli makilomita ochepa kuchoka pa boma, msasawu umayendetsedwa ndi boma lalikulu kudzera ku nthambi yoona za anthu othawa kwawo, mothandizana ndi UNHCR, bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwawo, ndi mabungwe ena. M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda malowa anali ndende ya akaidi a ndale, ndipo anasandutsidwa msasa mu 1994. Anakonzedwa kuti asunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma tsopano muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo amene ankakhala ndi kuchita malonda m'matauni abwerere ku Dzaleka, ndipo kuthithikana kunawonjezeka.

Khonsolo ilibe ulamuliro pa za amene alowe kapena atuluke mumsasa, koma zotsatira zake imazisenza. Msasawu uli ndi anthu ochuluka kuposa Mponela ndi Dowa boma kuphatikiza pamodzi, ndipo onsewa amafuna madzi, nkhuni, ndi malo otayira zinyalala m'dera limene kale munali midzi ndi minda. Odwala amene chipatala cha mumsasa chalephera amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Dowa. Kumbali ina, Amalawi a m'midzi yozungulira amalandira chithandizo pa chipatala cha Dzaleka, ana awo ena amaphunzira m'sukulu za kumeneko, ndipo alimi amagulitsa ufa, makala ndi ndiwo pa msika wa mumsasa, umene ndi umodzi mwa misika ya piringupiringu m'boma lonse. Nkhani za malo owonjezera msasa, za mitengo imene yatha ndi za madzi zikabuka, amene amaitanidwa kukakhala pakati pa midzi ndi oyendetsa msasa ndi DC, mafumu a derali ndi khansala wa wodiyo.